Kabokosi Kamene Sanachonge

Munthu wakufa salandira uthenga wa pafoni, koma bambo uyu analandira khumi ndi umodzi.

Mkazi wake wamasiye ndiye anabwera nayo foniyo kupolisi, ataikulunga m'kampango ngati dzira. Anaiika patebulo la Sajeni, nakhala pansi asanauzidwe kuti akhale.

"Amuna anga tinawaika m'manda miyezi isanu ndi iwiri yapitayo," anatero mayiyo. "Foni yawo sindinaizimitse, mtima unkakana. Ikalira, ine ndinkayesa ndi a kampani ya mafoni akutsatsa zawo zija, poti zalembedwa m'chizungu. Dzulo mwana wanga wabwera kudzandiona, wawerenga. Akuti ndi kuchipatala. Akuti mankhwala anu akonzeka. Tsono amayi, tandiuzani, akumwa ndani?"

"Anali mankhwala anji?" Sajeni anafunsa.

"Mofini. Amadzi aja a m'botolo, opha ululu. Khansa ndi imene inawadya."

Sajeni anali mzimayi woti wagwirapo othyola nyumba, akuba njinga, ngakhale bambo wina amene anagulitsa puloti imodzi kwa anthu anayi. Mtima wake sunkathamanga chisawawa. Koma chipatala chimene mayiyo anatchula ankachidziwa bwino. Kanali kachipatala ka zipinda zitatu kumapeto kwa msewu wa kwawo, ka anthu atatu okha: dokotala mwini wake, wopereka mankhwala, ndi namwino amene aliyense ankangomuti Sisitala. Mwana wa Sajeni atakomoka ndi malungo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, Sisitala yemweyo ndiye anapeza mtsempha pakamkono kamene anthu ena awiri anakalephera.

Pofika teni koloko pepala lotuluka m'kompyuta ya pachipatalapo linali patebulo la mkulu wa polisi. Mabotolo khumi ndi limodzi a mofini, onse olembedwa m'dzina la malemu, onse olembedwa Lamulungu masana. Kumapeto kwa mzere uliwonse, pamene pamaoneka amene walemba, panali dzina limodzi lokha.

"Pepala lanena kale," anatero mkulu wa polisi, akugogoda ndi chala padzinapo. "Pofika folo koloko namwinoyu akhale ali muno. Ndi mofini ameneyu, si panado. Chiphaso chake cha ntchito chithera pomwepa, zotsalazo akamva kukhoti."

"Bwana, mundipatseko lero lokha."

"Ndakupatsani kale. Folo koloko."

* * *

Wopereka mankhwala anthu ankamutchula kuti a Supuni, chifukwa kaya wadwala mutu kaya wathyoka chala, iye ankayamba ndi kunena kuti supuni ziwiri katatu patsiku, kenako n'kumawerenga botolo. Sajeni anamupeza kuseri kwa kawindo kake, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali mitambo.

"Ine bwana ndine manja chabe," anayamba asanafunsidwe. "Lolemba m'mawa ndikayatsa kompyuta, ikati pereka, ndimapereka. Ikati usapereke, sindipereka. Ndikangane ndi makina ine?"

"Simunadziwe kuti bamboyo anamwalira?"

"Ndimadziwa mayina a pabotolo, nkhope ayi. Odwala ogonera kunyumba safika pawindo pano. Mankhwala awo timaika m'basiketi iyo, kuseri kwa chitseko chakumbuyo. Amene akulowera chakumeneko amatenga, n'kukasiya."

"Amasaina?"

A Supuni anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti akulankhula ndi wapolisi. "Tilipo atatu muno, bwana. Tisainirane chiyani?"

"Nanga amakonda kutenga ndani?"

A Supuni anapukuta thukuta. Anayang'ana kudenga, nayang'ana pansi. "Kawirikawiri ndi Asisitala. Poti adokotala msana uja unkawasautsa chichitikireni ngozi ya galimoto, m'tinjira ta m'makwalalamu sankatha kuyendamo. Ngakhale masiku ano, Mulungu ndi wamkulu, akuyenda chilili ngati msilikali, kudandaula anasiya. Koma basiketi inazolowera Asisitala."

Sajeni anaona kapepala komata ndi selotepu pambali pa kompyuta. Panali manambala asanu ndi atatu, inki yake itayamba kufufuma.

"Awa ndi manambala a chiyani?"

"Ndi pasiwedi imeneyo, kiyi wolowera m'pulogalamu. Tonse timalowera khomo limodzi."

"M'dzina la ndani?"

A Supuni anangoloza ndi mlomo kuchipinda chomangira mabala.

* * *

Dokotala analandira Sajeni ataimirira, namukokera mpando ndi dzanja limodzi. Anali bambo wa imvi zapatalipatali, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu ake amagulidwa.

"Ndakhumudwa kwambiri, a Sajeni. Mayi ameneyu ndagwira naye ntchito zaka khumi ndi zinayi. Sindikufuna kukhulupirira."

"Lamulungu masana mumakhala kuti?"

"Kumunda kwanga, ulendo wa maola awiri kuchoka pano. Mkazi wanga, antchito anga, onse angakuuzeni. Lamulungu chipatala chimakhala chotseka. Amabwera ndi Asisitala okha, kudzaona furiji ya katemera."

"Za pulogalamu ya m'kompyutayi mukudziwapo chiyani?"

Dokotala anatambasula manja, akumwetulira ngati munthu wovomera kafooko kake kakang'ono. "Ine ndine wa thupi la munthu. Za makompyuta ndine mbuli yeniyeni. Anasankha ndi Asisitala, ine ndinangosaina."

Potuluka, Sajeni anadutsira kwa telala wa tsidya lina la msewu, amene makina ake osokera anayang'anizana ndi chitseko cha chipatala ndipo sadziwa tsiku lopuma. Telalayo analumbira kuti mwezi wonse wachisanu Lamulungu panalibe anatsegula chitsekocho, chifukwa Sisitala anali atachoka, ndipo katemera anakamusungitsa kwina.

Sajeni anatulutsa pepala lija m'thumba. Mabotolo atatu analembedwa mwezi wachisanu womwewo. Chitseko chokhoma, dokotala kumunda, a Supuni opanda kiyi wa chitseko, Sisitala kulibe. Ndiye analemba ndi mzukwa? Funsolo silinamuvutitse kwenikweni. Chimene anamva chinali chimwemwe, chifukwa ngati Sisitala kunalibe, ndiye kuti si iye.

* * *

Sisitala anali akutsuka tizitsulo take m'beseni. Sanadabwe kuona Sajeni. Anapukuta manja, nafunsa kaye za mwana uja, ngati anakula bwino, ngati malungo amamugwirabe.

"Mwezi wachisanu munali kuti, Asisitala?"

"Kwa mwana wanga wamkazi, anali ndi pakati povuta. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu pabasi. Ndinakhalako masabata asanu, kiyi wanga wa chitseko ali m'chikwama mwangamu. Matikiti ndinasunga, ine sinditaya pepala."

"Ndiye tapulumuka," Sajeni anatero, osazindikira kuti wadziphatikizamo. "Koma tandiuzani, dzina lanu linapezeka bwanji pa chilichonse?"

Sisitala anatsegula kabati, natulutsa fomu ya masamba awiri. Inali ndi mndandanda wa mawu achizungu, ndipo pambali pa mawu aliwonse panali kabokosi. Mabokosi ena anali ochonga ndi bolopeni yabuluu, ena anali oyera.

"Tsiku limenelo pakhonde panali podzaza," anayamba. "Mwana wina akusanza, mayi wina akubuula pabenchi. Bambo wogulitsa pulogalamu wafika ndi nsapato zonyezimira. Adokotala akuti, khalani nayeni inuyo, ine ndili ndi odwala. Bamboyo amalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Akatchula mawu amodzi, ndisanawameze, watchula ena. Ndiye ine ndinachonga amene ndinawamva."

Anayendetsa chala pafomupo.

"Apa anati kompyuta izitumiza uthenga kwa odwala kuwakumbutsa mankhwala. Ndinamva, ndinachonga. Apa pali mawu akuti kilaudi. Anati ngakhale nyumba itapsa, mafayilo a odwala sangapse. Ndani angakane zimenezo? Apa anafunsa olowa m'pulogalamu akhala angati. Ndinayang'ana patebulo, kompyuta ndi imodzi, ndinati mmodzi. Anati dzina? Ndinapereka langa, poti ndine ndinali pampando."

"Nanga apa?" Sajeni analoza kabokosi koyera chakumunsi.

"Oditi." Sisitala anawatchula mawuwo mosamala, ngati dzina la mlendo. "Anafotokoza, koma zinangondidutsa. Kenako anandiyang'ana n'kuti, mwamva eti, mayi? Mwanawe, ine ndagwira unamwino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anthu amabwera kwa ine kuti ndiwamasulire mawu ovuta a adokotala. Ndiye ndinene kuti sindinamve, pamaso pa a Supuni ndi odwala ali pakhomo? Ndinati eya, ndamva, koma chimenecho sitikuchifuna. Manyazi, mwanawe. Palibe china."

Sajeni anapinda fomuyo. Nthawi inali itadutsa wani koloko.

"Musadandaule," anatero. "Matikiti a basi aja muwasunge pafupi."

* * *

Ofesi ya bambo wa pulogalamu inali pamwamba pa sitolo ya matayala, kachipinda kodzaza mawaya ndi makatoni. Mwini wake anadumpha pampando ngati walandira kasitomala.

"Bwana! Apolisinso mukufuna pulogalamu? Tili nayo yabwino, yachangu, yosadya data!"

Sajeni anamuyalira fomu ija pamodzi ndi pepala la mabotolo, namufotokozera za chitseko chokhoma. Bamboyo anayamba kulongosola. Mawu ankatuluka ngati chimanga pachigayo, ndipo Sajeni anadzipeza akugwedeza mutu. Anagwedeza kawiri. Kachitatu khosi linauma, atakumbukira Sisitala ali pampando, bolopeni ili m'manja.

"Imani kaye," anatero. "Sindinamve kalikonse. Yambiraninso, ndipo mundiuze ngati mukuuza azakhali anu akumudzi. Kilaudi n'chiyani?"

Bamboyo anaphethira, nakhala pansi.

"Chabwino. Mafayilo a odwala sali m'kompyuta ya pachipatala ija. Ali m'makompyuta ena akutali, amene ife timabwereka. Ya pachipatala ndi windo chabe loonera. Ndiye windo lingakhale paliponse. Foni yanuyo ndi windo. Munthu akadziwa dzina ndi pasiwedi, amalowa ali pabedi kwake."

"Ngakhale ali ulendo wa tsiku lathunthu pabasi?"

"Ngakhale ali kutsidya kwa nyanja, bwana. Ubwino wake ndi umenewo!"

Sajeni anamva ngati mpando wachoka pansi pake. Matikiti a basi aja tsopano anali mapepala wamba. Telala uja analondera chitseko mwezi wathunthu pachabe. Umboni wokhawo umene unkaimira Sisitala unagwa ndi mawu amodzi amene Sisitala yemweyo anawachonga ndi dzanja lake, akuganiza za moto.

"Nanga oditi?" anafunsa, mawu atatsika.

"Ameneyo ndi mlonda wosagona. Amalemba m'kaundula wake kuti walowa ndani, nthawi yanji, wakhudza chiyani, ndiponso walowera pamakina ati, kaya ndi kompyuta ya paofesi kaya ndi foni ya uje. Akanachonga apa, bwenzi pano ndikukuuzani foni imene inalemba mabotolowa. Akanatenganso olowa atatu, aliyense ndi dzina lake, bwenzi nkhani itatha m'mawa."

"Muyatseni tsopano mlondayo, ationetse za m'mbuyo."

Bamboyo anapukusa mutu. "Amayamba kulemba tsiku limene mwamulemba ntchito. Zimene sanaone sangazinene."

Sajeni anayang'ananso fomu ija. Pansi wina ankakhoma tayala ndi nyundo, ndipo kugunda kulikonse kunkamufika m'mutu. Anali ndi unifomu, anali ndi unyolo m'chikwama, koma analibe pogwira. Anayamba kusonkhanitsa mapepala ake.

"Chondidabwitsa n'chakuti zonsezi ndinawafotokozera bwinobwino," bamboyo anawonjezera, akukanda m'mutu.

"Asisitala akuti munkathamanga."

"Ayi, osati mayiwo. Adokotala."

Manja a Sajeni anaima.

"Anandiimbira okha foni. Kasitomala wabwino kwambiri, bwana, mwa onse amene ndawagulitsa ndi iwo okha anafunsapo. Anatenga fomu yomweyi, mawu amodziamodzi. Kilaudi n'chiyani, ndingalowe pafoni kodi, oditi amagwira bwanji ntchito. Kenako anati, ndiye ifeyo oditi tilibe? Ndinati mulibe, koma ndikuyatsireni muyesere mwezi umodzi ulere. Anati ayi, zisiyeni momwemo."

"Linali liti?"

Bamboyo anatsegula kabuku kamene amalembamo mafoni a makasitomala, nanyambita chala, natembenuza masamba. Anatchula tsiku. Sajeni anayang'ana pepala lake. Panali patapita sabata imodzi malemu aja ataikidwa m'manda, ndipo botolo loyamba linalembedwa Lamulungu lotsatira. Pomwepo mawu a a Supuni anamubwerera: msana uja, kuyenda chilili, kudandaula anasiya. Mbuli ya makompyuta ija inali itaphunzira fomu yonse mutu mpaka kumapazi.

"Mulembe zimene mwandiuzazi, musaine."

Kumwetulira kwa bamboyo kunazima. Anatseka kabuku kaja, nakalowetsa m'thumba la jekete.

"Aa, bwana, ine ndimangocheza. Kufunsa si mlandu. Komanso adokotala ndi amene anandilozera zipatala zina zisanu. Mukufuna ana anga adye mawaya?"

Sajeni anamunyengerera, anamuopseza, anamutchulira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za mayi wosalakwa. Bamboyo ankangoyang'ana nsapato zake. Pamasitepe, Sajeni anaimbira mkulu wa polisi, nafotokoza zonse mpweya uli m'mwambamwamba.

"Ndiye tikamange dokotala chifukwa anafunsa funso?" mkuluyo anatero. "Ndiponso chifukwa msana wake unapola? Mboni yanu yakana kusaina. Ine ndili ndi pepala, ndipo pepala lili ndi dzina. Zinazo mukazifufuze mawa, ngati zilipo. Nthawi ikutha, a Sajeni."

* * *

Anapeza Sisitala akumanga bala pamwendo wa bambo wina wokalamba. Sajeni anaima pakhomo, osalowa. Sisitala anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo anamva zonse, poti nkhope ya munthu wobwera ndi uthenga woipa ankaidziwa kuposa aliyense. Sanafulumire. Anamaliza kukulunga bandeji, namata, nauza bamboyo kuti asanyowetse mwendowo mpaka Lachisanu.

Wodwala atatuluka, anatsegula chikwama, natulutsa matikiti a basi atawamanga ndi kalabala.

"Sagwira ntchito, Asisitala," Sajeni anatero. "Kilaudi ija imatanthauza kuti munthu angalowe ali kulikonse. Adzanena kuti munalemba pafoni muli kwa mwana wanu."

Sisitala anayang'ana matikitiwo kwa kanthawi, nawabwezera m'chikwama mwaulemu. Anamasula kawotchi ka pachifuwa, nakaika patebulo pambali pa makiyi.

"Nanga mawu ena aja, munafunsa?"

"Ndinafunsa."

"Amatanthauza chiyani?"

"Kuti kompyuta izilemba amene walowa, ndi foni kapena makina amene walowera."

"Basi?"

"Basi."

"Zochepa chonchi." Sisitala anakhala pabenchi ya odwala, manja ali lende. "Ndikanangoti, bambo, bwerezani. Sindikanafa nazo."

Sajeni anafunitsitsa kumuuza za foni imene dokotala anaimbira bambo wa pulogalamu, za kabuku kali m'jekete, kuti mawa abwererako, ndi mkuja, mpaka bamboyo asaine. Koma anadziwa kuti lonjezo lake linali lopepuka kuposa pepala la mkulu wa polisi, ndipo anachita manyazi kulitulutsa.

Chitseko cha mkati chinatseguka. Dokotala anatuluka, msana uli chilili, nkhope ili yachisoni bwinobwino.

"Asisitala, limbani mtima, choonadi chidzaoneka," anatero. Kenako anatsokomola pang'ono. "Kungoti odwala akudikira. Dzina lanu lija la m'kompyuta tipitirize kuligwiritsa ntchito mpaka titapeza wina, si choncho?"

Sajeni anamva magazi akukwera kumutu.

"Msana uli bwanji masiku ano, adokotala?"

Dokotala anamuyang'ana m'maso, osaphethira. "Uli bwino kwambiri. Zikomo pofunsa."

Mwaukali, Sajeni anapita pakompyuta ija, nakanganula kapepala ka manambala, selotepu n'kutsalira ikulendewera. Anakafinya m'dzanja mpaka zala zinawawa. A Supuni anasuzumira pakawindo kawo, nabwezanso mutu.

Sisitala anaimirira, nakoleka chikwama paphewa. Pakhonde odwala anafutukira mbali kuti adutse, ena akumupatsa moni, osadziwa kumene akupita. Atafika panja anagwira Sajeni pamkono, pang'onopang'ono, monga amagwirira mwana asanamubaye jakisoni.

"Kapepalako musavutike nako, mwanawe. Pasiwediyo onse anailoweza pamtima." Anayang'ana msewu wopita kupolisi, nayamba kuyenda patsogolo. "Manambalawo ndi tsiku limene ndinayamba unamwino."